Mmene mungalapire tchimo ndi kulandira chikhululukiro cha Mulungu

Anthu ambiri amene chikumbumtima chikuwatsutsa amachedwa kubwerera kwa Mulungu chifukwa amaganiza kuti ayenera kuyamba adzikonza okha. Munthu amadziuza kuti aleke kaye choipacho kwa miyezi ingapo, asale kudya, awonjezere chopereka, ndipo akadzaona kuti wayerako pang'ono ndiye adzagwade n'kupempha chikhululukiro. Maganizo amenewa amaoneka aulemu, koma amatembenuza ndondomeko imene Malemba anaika. Paulo analembera Akhristu a ku Roma kuti Khristu anatifera tikadali ochimwa (Aroma 5:8), ndipo m'kalata yomweyo anati kukoma mtima kwa Mulungu ndiko kumatsogolera munthu kuti alape (Aroma 2:4). Chisomo ndicho chimayamba, ndipo zonse zimene zalongosoledwa m'munsimu ndi yankho la munthu amene chisomocho chamupeza kale, osati mtengo wogulira mtima wa Mulungu.

Poyambira pake

Choyamba kuchita ndi kupita kwa Mulungu lero, mmene mulilimo, musanakonze chilichonse. M'fanizo la mwana wolowerera (Luka 15:11-32), mnyamatayo ananyamuka kubwerera kwawo atakonza kale mawu opempha kuti amuyese ngati mmodzi wa antchito a bambo ake, kusonyeza kuti ankafuna kugwirira ntchito malo amene anataya. Koma bambo akewo anamuona akadali patali, anathamanga ndi kumukumbatira asanamve mawu ngakhale amodzi, kenako analamula kuti amuveke chovala chabwino koposa, mphete ndi nsapato. Chimene chinamunyamula mnyamatayo kudziko lakutali chinali njala, ndipo zimenezi ziyenera kulimbikitsa aliyense amene akukayikira ngati zifukwa zake zobwerera zili zoyera mokwanira.

Nkhani imeneyi mpingo unaikambirana mozama kalekale. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 400, mphunzitsi wina dzina lake Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu mwa iye yekha zosankhira chabwino ndi kukhala wopanda tchimo, ndipo Augustine, bishopu wa ku Hippo, anamutsutsa ponena kuti ngakhale chifuniro chobwerera kwa Mulungu chimadzutsidwa ndi Mulungu mwini. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo wa ku Orange mu 529 unatsimikiza kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso ya chisomo. Mu 1999, ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasaina chikalata chovomereza pamodzi kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu. Kwa munthu wolemedwa ndi tchimo, phindu la mbiri imeneyi ndi lakuti kusowa mtendere kumene akumva ndi chizindikiro chakuti Mulungu wayamba kale kumuitana.

Ngati mawu akusowa, pemphero la wamsonkho wa pa Luka 18:13 ndi lokwanira poyambira. Iye anaima patali, osafuna n'kukweza maso kumwamba komwe, akudziguguda pachifuwa ndi kupempha Mulungu kuti amuchitire chifundo iye wochimwa, ndipo Yesu anati ameneyo ndiye anapita kwawo wolungamitsidwa, kusiya Mfarisi amene anawerengera Mulungu kusala kwake kwa kawiri pa sabata ndi chakhumi chake.

Kutchula tchimo dzina lake

Apa ndi pamene ntchito yovuta ili, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Patulani nthawi yokwanira, khalani panokha, zimitsani foni, ndipo dziyeseni ndi muyeso umene simunaupange nokha. Malamulo Khumi a pa Eksodo 20 ndi chiphunzitso cha Yesu cha paphiri, pa Mateyu 5 mpaka 7, ndi zimene Akhristu agwiritsa ntchito kwa zaka zambiri podzifufuza, ndipo chiphunzitso cha paphiricho n'chothandiza kwambiri chifukwa chimatsata tchimo mpaka kumene limabadwira, mumkwiyo umene sunafike pakupha ndi m'chilakolako chimene sichinafike pachigololo. Dzifunseni chimene munachita, amene munamuchitira, chimene munapindulapo, ndi amene anavulala nacho. Musaiwale zabwino zimene munazidziwa koma simunazichite, pakuti Yakobo 4:17 amaziwerengera nazonso kuti ndi tchimo.

Pemphero lakuti Mulungu atikhululukire machimo athu onse ndi loyenera mpingo ukasonkhana, koma likhoza kusanduka pobisalira munthu akakhala yekha. Tiyerekeze munthu amene ananamizira mnzake kuntchito mpaka mnzakeyo kuchotsedwa. Iye akagwada n'kunena kuti, "Ambuye, tonse ndife ochimwa, mutichitire chifundo pa zofooka zathu," wanena zoona koma sanalape, chifukwa mnzake uja sanatchulidwe ndipo bodza lija lasungunuka m'gulu la anthu onse. Kulapa kwake kumayamba pamene akunena kuti, "Ndinanama, ndinkadziwa kuti ndikunama, ndinachita chifukwa cha nsanje, ndipo banja la mnzanga likuvutika chifukwa cha ine." Kumanga chilonda chosatsuka sikuchiritsa, kumangobisa mafinya kwa masiku ochepa.

Baibulo lili ndi zitsanzo zingapo za kuvomereza kosokonekera, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti muzizindikire zikayamba kutuluka pakamwa panu. Adamu atafunsidwa analoza mkazi, n'kukumbutsanso Mulungu kuti ndi Iye amene anamupatsa mkaziyo (Genesis 3:12). Aroni, amene anaumba yekha fano la mwana wa ng'ombe, anauza Mose kuti anangoponya golide pamoto ndipo fanolo linatuluka (Eksodo 32:24), ngati kuti tchimo linachitika lokha iye akuonerera. Mfumu Sauli ndiye amaphunzitsa kwambiri, chifukwa anafika ponena kuti wachimwa, koma poyamba anakankhira mlandu kwa anthu ake, ndipo pamapeto anapempha Samueli kuti amulemekeze pamaso pa akuluakulu (1 Samueli 15:30). Chimene chinkamupweteka chinali ulemu umene unkamuchokera. Davide anachita zoipa zoopsa, potenga mkazi wa Uriya ndi kukonza kuti Uriyayo aphedwe kunkhondo, koma mneneri Natani atamuuza kuti munthu wolakwayo ndi iye, anayankha mwachidule kuti wachimwira Mulungu (2 Samueli 12:13), osawonjezera chifukwa chilichonse chodzitetezera. Salimo 51 ndi pemphero lolumikizidwa ndi nthawi imeneyo, ndipo kuliwerenga pang'onopang'ono, mukuikamo tchimo lanu m'malo mwa la Davide, ndi njira yabwino yopempherera pamene mawu anu akupita m'mbali.

Pali chenjezo kwa anthu a mtima wanthete, amene akayamba kudzifufuza safika poleka, n'kumaona tchimo m'ganizo lililonse lodutsa. Mulungu sakufuna kaundula wopanda cholakwika. Vomerezani zimene mukuzidziwa, ndipo zobisika muzipereke kwa Iye monga wolemba Salimo 19:12 anapempha kuti ayeretsedwe ku zolakwa zimene sakuziona.

Chisoni chake chikhale chotani

Paulo anasiyanitsa chisoni chamitundu iwiri pa 2 Akorinto 7:10, china chogwirizana ndi chifuniro cha Mulungu chimene chimabala kulapa kofikitsa ku chipulumutso, ndi china cha dziko lapansi chimene chimabala imfa. Anthu awiri amene anagwa pa nthawi yogwidwa kwa Yesu amasonyeza kusiyana kumeneku. Yudasi anamva chisoni chenicheni, anavomereza kuti wapereka munthu wosalakwa, anabweza ndalama 30 zasiliva, koma anapita ndi zonsezi kwa akulu a ansembe amene anamuyankha kuti zimenezo ndi zake, ndipo iye anakadzimangirira (Mateyu 27:3-5). Petro anakana Mbuye wake katatu, anatuluka kunja n'kulira ndi kuwawa mtima, koma anakhalabe pakati pa ophunzira anzake, ndipo Yesu atauka anamufunsa katatu ngati amamukonda n'kumupatsanso ntchito yodyetsa nkhosa zake (Yohane 21:15-17). Onse awiri anamva kuwawa, koma mmodzi yekha ndiye anakhala pamene chifundo chikanamupeza.

Chotero musayese kulapa kwanu ndi kuchuluka kwa misozi. Ena amalira msanga n'kubwerera ku tchimo mawa lake, pamene ena maso awo amakhala ouma koma asintha njira kwamuyaya. Funso lothandiza ndi lakuti, tchimolo likanakhala kuti silidzadziwika ndi munthu aliyense ndipo silidzakutayitsani kanthu, kodi mukanafunabe kulisiya? Ngati yankho ndi lokayikitsa, musataye mtima, koma pemphani Mulungu kuti akupatseni mtima wosweka umene mulibe, pakuti nawonso ndi mphatso. Ndipo ngati chisoni chafika poganiza zodzipha, imeneyo si ntchito ya Mzimu Woyera, ndipo muyenera kuuza munthu wodalirika kapena a zachipatala tsiku lomwelo.

Kuulula kwa ndani

Tchimo lililonse liyenera kuululidwa kwa Mulungu, chifukwa ngakhale lochitira munthu limalakwira Mlengi wa munthuyo. Pa za kuulula kwa mtumiki wa mpingo, Akhristu amasiyana, ndipo ndi bwino kutsata zimene mpingo wanu umaphunzitsa mukudziwa chifukwa chake. Mpingo wa Katolika umaona kulapa ngati sakramenti, potengera mawu a Yesu kwa atumwi akuti amene adzawakhululukire machimo akhululukidwa (Yohane 20:23). Msonkhano wachinayi wa mabishopu wa ku Lateran mu 1215 unalamula kuti wokhulupirira aliyense wozindikira aziulula machimo ake kwa wansembe kamodzi pachaka kapena kuposa, ndipo unaletsa wansembe kuulula zimene wamva. Msonkhano wa ku Trent mu 1551 unalongosola mbali zitatu za wolapa, zomwe ndi kumva chisoni, kuulula, ndi kuchita ntchito ya kulapa imene wansembe wapereka. Mkatolika amene wachita tchimo lalikulu ayenera kupita kukalapa asanalandire Ukaristia. Mipingo ya Chiprotestanti imatsindika kuti mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi, Khristu Yesu (1 Timoteo 2:5), ndipo wolapa akhoza kupita kwa Mulungu mwachindunji, komabe Martin Luther mwini, amene anayambitsa Chiprotestanti, sanathetse kuulula kwa mbusa, anangokana kuti kukhale kokakamiza. Yakobo 5:16 amauza okhulupirira kuti aziululirana machimo ndi kupemphererana, ndipo aliyense amene anatulutsapo pakamwa chinthu chimene anachibisa zaka zambiri amadziwa kuti tchimo limachepa mphamvu likamveka m'khutu la munthu wina.

Sankhani womuuza mosamala. Akhale munthu wokhwima m'chikhulupiriro, wosunga chinsinsi, amene sangadabwe mpaka kukuthawani komanso sangakusisiteni ponena kuti palibe kanthu. Pa tchimo lokhudza chilakolako, n'kwanzeru kuti mwamuna auze mwamuna mnzake ndipo mkazi auze mkazi mnzake, kapena mtumiki wa mpingo amene ndi ntchito yake.

Lamulo lothandiza ndi lakuti kuulula kufike pamene tchimo linafika, osapitirira. Tchimo la mumtima, monga nsanje imene simunaisonyeze, liululidwe kwa Mulungu ndi kwa mlangizi ngati pakufunika, chifukwa kupita kwa munthu wosadziwa kanthu n'kumuuza kuti mwakhala mukumuda ndi kumusenzetsa katundu kuti inu mupepukidwe. Tchimo lochitira munthu mmodzi lifike kwa munthuyo, ndipo lochitika poyera livomerezedwe poyera. Pali milandu ina yovuta, monga kusakhulupirika m'banja, imene imafuna uphungu wa mbusa kapena wansembe pa nthawi ndi njira yonenera, ngakhale kuti uphunguwo suyenera kukhala njira yopitirizira bodza. Ndipo ngati tchimolo ndi mlandu umene wavulaza munthu wina, makamaka mwana kapena munthu wosatha kudziteteza, kulapa koona kumaphatikizapo kudzipereka ku lamulo. Mpingo umene umabisa mlandu wotere m'dzina la chikhululukiro umalakwira wovulalayo kachiwiri.

Kupepesa ndi kubweza

Yesu anati munthu akabwera ndi chopereka kuguwa n'kukumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, asiye choperekacho pomwepo, apite akayanjane naye kaye (Mateyu 5:23-24). Popita kukapepesa, nenani chimene munachita momveka, vomerezani kuti chinali cholakwa, sonyezani kuti mukuzindikira mmene chinamupwetekera, ndipo funsani chimene mungachite pokonza. Pewani kunena kuti "ngati ndinakulakwirani", chifukwa mukudziwa kuti munalakwa, ndipo pewaninso kutchula zolakwa zake pa ulendo womwewo, ngakhale zitakhalapo. Mukamaliza, khalani chete mumve. Wolakwiridwayo akhoza kukwiya, akhoza kufunsa mafunso owawa, akhozanso kunena kuti sanakonzeke kukukhululukirani, ndipo mulibe ufulu womukumbutsa kuti Mkhristu amayenera kukhululuka. Udindo umenewo ndi wa pakati pa iye ndi Mulungu, pamene wanu ndi kupirira zotsatira za chimene munachita.

Kumene kunatengedwa chinthu, chinthucho chibwerere. Chilamulo cha Mose chinali chomveka pa zimenezi, pakuti Numeri 5:7 amati wolakwa aulule tchimo lake, abweze zonse, n'kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo vesi lotsatira limati ngati wolakwiridwayo alibe wachibale wolandira, zobwezazo zipite kwa Mulungu kudzera mwa wansembe. Eksodo 22:1 amalamula wakuba ng'ombe n'kuipha kapena kuigulitsa kuti abweze zisanu, ndipo wakuba nkhosa abweze zinayi. Zakeyu, mkulu wa amsonkho ku Yeriko, analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda (Luka 19:8). Koma taonani nthawi imene ananena zimenezi, pakuti Yesu anali atamuitana kale kuti atsike mumtengo ndipo anali atalowa kale m'nyumba mwake. Kubweza kunatsatira kulandiridwa.

Pochita zimenezi, lembani zimene munatenga ndi mwini wake, ndipo ngati simungathe kubweza nthawi imodzi, gwirizanani naye zobweza pang'onopang'ono n'kusunga pangano. Ngati mwiniwakeyo anamwalira, funani ana ake kapena abale ake, ndipo ngati palibiretu njira yomupezera, perekani kwa osowa m'malo mosunga. Mbiri ya munthu nayonso imabedwa, ndipo kubweza kwake n'kovuta kuposa kwa ndalama, chifukwa kumafuna kuti mubwerere kwa anthu omwe aja munawauza bodza n'kuwauza kuti munanama. Ngati bodzalo munalilemba pa intaneti, kulifafaniza mwakachetechete sikukwanira, chifukwa amene analiwerenga akulikhulupirirabe mpaka ataona kukonza kwake pamalo omwewo.

Pali zina zimene sizibwezeka, monga moyo wa munthu, zaka za ubwana zimene kholo linawononga, kapena banja limene linatha. Pamenepo chitani chimene chikutheka, ndipo chotsalacho muchisiye kwa Khristu, amene imfa yake ndiyo inalipira mangawa athu kwa Mulungu.

Kusiya njira yakale

Miyambo 28:13 imalumikiza zinthu ziwiri, kuvomereza zolakwa ndi kuzisiya, ndipo amene achita zonse ziwiri ndiye amalonjezedwa chifundo. Paulo anayembekezera funso la munthu wofuna kugwiritsa ntchito chisomo ngati chilolezo, lakuti kodi tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke, ndipo analikana kotheratu (Aroma 6:1-2). Lonjezo lakuti simudzachitanso silikwanira ngati njira zonse zopita ku tchimolo zikadali zotsekula. Yesu ananena za kukolowola diso ndi kudula dzanja (Mateyu 5:29-30), mawu okokomeza ofuna kusonyeza kuti chimene chimakugwetsani chichotsedwe ngakhale chili chokondedwa. Kwa wina imeneyi ndi nambala ya foni yofunika kufafaniza, kwa wina ndi gulu la anzake, ndipo kwa wina ndi udindo wosunga ndalama umene ayenera kuutula. Malo osiyidwawo adzazidwe ndi chinthu china, monga Aefeso 4:28 amauza wakuba kuti aleke kuba, agwire ntchito ndi manja ake, kuti akhale ndi chopatsa wosowa.

Kukhulupirira kuti mwakhululukidwa

Anthu ena amachita zonsezi koma amakhalabe ngati akaidi, akupempha chikhululukiro cha tchimo lomwelo usiku uliwonse kwa zaka. Zimenezi zimaoneka ngati kudzichepetsa, koma pansi pake pali kukayikira mawu a Mulungu. Lonjezo la pa 1 Yohane 1:9 ndi lakuti tikavomereza machimo athu, Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutiyeretsa, ndipo maziko a lonjezoli ndi khalidwe la Mulungu, osati mmene mtima wanu ukumvera mutadzuka m'mawa. Mtendere wa mumtima nthawi zina umachedwa kufika, makamaka ngati manyazi anakhala nthawi yaitali, ndipo kuchedwa kwakeko sikusintha chimene Mulungu wanena. Chikumbukiro cha tchimo lolapidwa kale chikabwera, musalilapenso ngati kuti poyamba simunamvedwe, koma thokozani chifukwa linakhululukidwa. N'chifukwa chake n'kofunika kumva mawu a chikhululukiro kuchokera pakamwa pa munthu wina, kaya wansembe, mbusa, kapena mpingo pa chipembedzo, ndi kubwerera ku Mgonero wa Ambuye monga mwa dongosolo la mpingo wanu, pakuti pamenepo Yesu ananena za magazi ake okhetsedwa kuti machimo akhululukidwe (Mateyu 26:28).

Musasokoneze chikhululukiro ndi kuchotsedwa kwa zotsatira. Natani anauza Davide kuti Mulungu wachotsa tchimo lake, koma anali atamuuzanso kuti lupanga silidzachoka m'nyumba mwake (2 Samueli 12:10), ndipo zinachitikadi. Wolapa akhoza kukhalabe ndi ngongole, matenda, chilango cha bwalo la milandu kapena mwambo wa mpingo, ndipo anthu akhoza kutenga nthawi asanamukhulupirirenso, popanda zimenezi kutanthauza kuti Mulungu wabweza mawu ake. Kwa amene akuopa kuti anachita tchimo losakhululukidwa la pa Marko 3:28-30, mawuwo ananenedwa kwa anthu amene anaona ntchito ya Mzimu Woyera n'kuitcha ya Satana mouma mtima, ndipo abusa ambiri akhala akulangiza kuti munthu amene akuda nkhawa ndi kufuna chifundo akusonyeza kuti mtima wake sunaume chotero.

Wokhululukidwa amayembekezeredwa kukhululukira ena. M'fanizo la pa Mateyu 18:23-35, kapolo wina anakhululukidwa ngongole ya matalente 10,000, kenako anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku limodzi a wantchito (Mateyu 20:2), ndipo talente imodzi inkafanana ndi madinari pafupifupi 6,000, kutanthauza kuti munthu amene anamasulidwa ku ngongole ya masiku a ntchito 60,000,000 anatsekeretsa mnzake chifukwa cha malipiro a miyezi itatu kapena inayi. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera ndi kupereka mlanduwo kwa Mulungu, ndipo kawirikawiri kumafunika kuchitidwa mobwerezabwereza mkwiyo ukamadzuka. Sikukakamiza munthu kubwerera m'nyumba ya womuzunza kapena kupatsanso makiyi munthu amene anamubera, chifukwa kukhulupirirana kumamangidwanso ndi zipatso zooneka.

Mukagwanso

Mfundo yoyamba mwa mfundo 95 zimene Luther analemba mu 1517 inali yakuti pamene Yesu anati tilape, anafuna kuti moyo wonse wa okhulupirira ukhale wa kulapa, ndipo katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563 amalongosola kutembenuka mtima ngati kufa kwa munthu wakale ndi kuuka kwa watsopano. Kugwanso m'tchimo limene munalapa ndi chinthu chowawa, ndipo ngozi yake yaikulu ndi ganizo lakuti popeza mwagwa kale, kuli bwino kungopitiriza mpaka mudzapeze tsiku labwino loyambiranso. Bwererani tsiku lomwelo, chifukwa Yesu, amene anauza Petro kuti asawerenge maulendo okhululukira m'bale wake (Mateyu 18:22) sadzakuwerengerani maulendo anu. Kenako fufuzani kumene kugwako kunayambira, pakuti nthawi zambiri kumayamba maola kapena masiku angapo tchimolo lisanachitike, pa kutopa, pa mkwiyo wosungidwa, kapena pa kukhala nokha pa nthawi imene mumadziwa kuti ndinu wofooka. Uzani munthu amene akukuthandizani musanapeze mawu okongoletsera nkhaniyo, ndipo mugwirizane chinthu chimodzi chenicheni choti chisinthe sabata yomweyo. Ngati tchimolo lamangana ndi chizolowezi chimene chagwira thupi, monga uchidakwa, mankhwala osokoneza bongo kapena juga, phatikizani pemphero ndi thandizo la a zachipatala kapena alangizi odziwa ntchito imeneyo, ndipo amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku lililonse asaleke mwadzidzidzi popanda uphungu wa dokotala, chifukwa kuteroko kukhoza kuika moyo wake pangozi.